Msewu wa maina awiri ku Durban ndi munthu amene sanadumphe m'ndege

Gulu: Kasungu Kwathu, Macheza ndi Zochitika

Dalaivala wa Thiraki: Moni nonse a pagulu. Ndili pamzere kuno kudoko la Durban kuyambira dzulo madzulo, kontena sinatuluke, ndiye nthawi ndili nayo yotaya. Pali chinthu chimandizunguza mutu. Msewu waukulu wolowera mbali ya Bluff, zikwangwani zonse zimati Solomon Mahlangu Drive. Koma madalaivala akale, ngakhale amwenye ogulitsa matayala, onse amangoti Edwin Swales. Ulendo wanga woyamba ndinasochera nazo, munthu akundiuza pafoni kuti khotera mu Edwin Swales, ine maso tong'o kufunafuna chikwangwani choti kulibe. Lero ndafunsa mdala wina wapageti, akuti anali woyendetsa ndege yankhondo amene anafa kuti anzake apulumuke. A Ticha mulipo? Tatiuzani zoona zake.

Wakabaza wa pa Depoti: Akulu mwasowa zochita eti kkkk. Ife kuno tikudikira mvula, inu mukufufuza maina a misewu ya eni.

Bambo a Tadala: Si Ian Smith ameneyo? Ndinamva kuti nayenso ankayendetsa ndege.

Ticha wa ku Santhe: Ndilipo achimwene, ndimachonga mayeso a Fomu 3, mutu ukuchita kuwawa ndi zolemba za ana. A Bambo a Tadala, ayi, ndi anthu awiri osiyana. Smith anayendetsadi ndege pankhondo imeneyo, anachita nayo ngozi mpaka nkhope inawonongeka mbali imodzi, koma iye anabwerako wamoyo n'kudzavutitsa anthu ku Rhodesia. Uyu wa msewuyu sanabwereko.

Ticha wa ku Santhe: Edwin Swales anabadwa mu 1915 ku Inanda, pafupi ndi Durban pomwepo. Anali kalaliki wa ku Barclays Bank. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu 1939 anayamba ngati msilikali wapansi, anamenya nawo ku Kenya, ku Abyssinia komwe lero timati Ethiopia, mpaka kumpoto kwa Africa. Mu 1942 ndi pamene anasamukira ku gulu la ndege, ndipo mu 1944 analowa gulu la ku England lotchedwa 582 Squadron. Ankayendetsa Lancaster, chindege cha injini zinayi chonyamula mabomba.

Ticha wa ku Santhe: Kuti mumvetse zimene anachita, muyambe mwamva ntchito yake. Ndege zimenezi zinkapita usiku, mazanamazana, kulibe GPS ngati imene ili pafoni ya a Dalaiva. Ndiye kunkatsogola ndege zochepa zokaponya miuni yamitundu, yofiira ndi yobiriwira, kuti za m'mbuyo zione poponya. Pa otsogolawo pankakhala mmodzi amene ankatchedwa Master Bomber. Tinene kuti kapitawo. Anzake onse akafika, kuponya, n'kutembenuka kuthawa. Iye ayi. Ankazungulira pamwamba pa mzindawo kuyambira ndege yoyamba mpaka yomaliza, akulankhula pawayilesi kuti ponyani kutsogolo kwa muuni wofiira, siyani wobiriwirawo wagwera kutali. Adani pansi akumuwombera, ndege zawo zikumusaka, iye akungozungulira pomwepo.

Nachisale: Ngati kapitawo wa paesiteti amene amachoka m'munda anthu onse ataweruka.

Wakabaza wa pa Depoti: Makapitawo amene ndimawadziwa ine amakhala pamthunzi achemwali.

Ticha wa ku Santhe: Kkkk uyu mthunzi analibe. Usiku wa pa 23 February 1945 anapita ku mzinda wa Pforzheim ku Germany, akutsogolera ndege za Lancaster zoposa 360. Atangofika, ndege ya Ajeremani inamupeza n'kumuwombera. Injini imodzi inafa, mfuti zakumbuyo nazo zinasiya kugwira ntchito. Apa munthu wina aliyense akanati ndapunduka, wina atenge udindo, ine ndikubwerera. Iye anapitiriza kuzungulira ndi kulamula. Mdani uja anabweranso, injini yachiwiri inafa. Anakhalabe mpaka ataona kuti ntchito yatha, ndi pamene analoza kwawo.

Ticha wa ku Santhe: Ndege inali itatha mphamvu, ikuyenda pang'onopang'ono, ikutsika yokha. Anaikakamiza mpaka anadutsa mzere wa nkhondo n'kulowa m'dera la France limene linali m'manja mwa anzawo. Kumeneko anakumana ndi mitambo yoipa, ndege ikugwedezeka yosagwirika. Anauza anzake asanu ndi awiri kuti dumphani. Iye anagwira chiwongolero kuti ndege ikhale chilili mpaka womaliza atatuluka. Womaliza atangodumpha, ndege inagwa pafupi ndi tauni ya Valenciennes. Anamupeza atafa ali pampando wake. Anali ndi zaka 29. Asanu ndi awiri aja onse anapulumuka.

Dalaivala wa Thiraki: Eee koma abale. Thupi langa lachita tsembwe.

Bambo a Tadala: Ine funso langa ndi lachibwana mwina. Bwanji osangodumpha onse pamodzi? Kapena iye kungomangirira chiwongolerocho n'kuthamangira kuchitseko?

Makaniko wa ku Nkhamenya: Si lachibwana bambo, koma ndikuyankheni ngati munthu wa magalimoto. Munayamba mwakwerapo lole imene yaphulika tayala lakutsogolo ili paliwiro? Chiwongolero chimasanduka chamoyo, chimafuna kukuthyola manja. Ukangochisiya kamphindi kamodzi basi mwalowa kutchire. Chaka china ndinali pa lole ya mabelo tikupita ku Chinkhoma, tayala linaphulika potsetsereka. Adalaivala anali mdala wina wochepa thupi, anachita kuimirira pampando, mitsempha ya pakhosi ili gwa, akungokuwa kuti musadumphe, musadumphe. Tinakaima patali ndithu. Atatsika manja awo ankanjenjemera moti ndudu anachita kuwayatsira wina. Tsono pamenepo ndi pansi, pali nthaka yoti ikulandireni. Ndege yowonongeka ukaisiya imapendekeka n'kuyamba kuzungulira, ndipo ikayamba kuzungulira anthu m'katimo amakanikizidwa kukhoma, sangathe n'kukwawa komwe. Potulukira pakenso ndi kachitseko kakang'ono, munthu mmodzimmodzi, atavala parachuti. Ndiye pamafunika wina woigwira kuti enawo apeze mpata. Vuto ndi loti wogwirayo akafuna kutuluka, womugwirira palibe.

Dalaivala wa Thiraki: Zimenezo ndiye ndikuzidziwa. Ndipo ukakhala pachiwongolero umadziwiratu thupi lisanakuuze kuti apa zavuta. Iyeyo ankadziwa kuti sadzatuluka.

Makaniko wa ku Nkhamenya: Ankadziwa. Munthu amene wayendetsa chinthu kwa ola lathunthu chikukana amadziwa chimene chichitike akachotsa dzanja.

Ticha wa ku Santhe: N'chifukwa chake anamupatsa Victoria Cross atamwalira kale. Imeneyi ndi mendulo yapamwamba kuposa zonse kwa Angerezi pa nkhani ya kulimba mtima pankhondo, inayamba mu 1856 nthawi ya Mfumukazi Victoria. Si yagolide ayi, ndi kamtanda ka chitsulo chofiirira kolembedwa mawu awiri okha, For Valour, kutanthauza kuti chifukwa cha kulimba mtima. Manda ake ali ku Leopoldsburg ku Belgium.

Namwino wa Usiku: Ndawerenga zonse ndili pa tiyi. Pepani ndisokoneze chisangalalo. A Ticha, mwatiuza za anthu asanu ndi atatu amene anali m'mwamba. Nanga pansipo panali ndani? Mabomba a ndege 360 ankagwera pamunda wa chinangwa?

Ticha wa ku Santhe: Mayi, mwafunsa pomwe ndimazengereza. Pforzheim unali mzinda wodziwika ndi mawotchi ndi zibangili. Angerezi ankati mafakitale ang'onoang'ono amenewo akupanga tizipangizo ta zida zankhondo. Kuponya konse kunatenga mphindi 22 zokha. Moto unagwirizana n'kukhala chimoto chimodzi chokoka mphepo, anthu amene anabisala m'zipinda zapansi anafera momwemo chifukwa chosowa mpweya. Anafa anthu pafupifupi 17,600 usiku umodzi. Pa anthu atatu alionse a mumzindamo, pafupifupi mmodzi. Ndipo nkhondo ku Ulaya inatha pa 8 May, patangopita miyezi iwiri ndi theka.

Namwino wa Usiku: Ndiye mwaona. Ine ndimagwira ku wodi ya ana. Mwana mmodzi akapsa ndi phala timagona tonse tili maso, kulira kwake simungakuiwale. Inu mukuti 17,600. Ndipo mwanena nokha kuti ntchito ya bamboyu inali kuonetsetsa kuti mabomba asaphonye. Akanathawa injini yoyamba itafa, mwina ena akanaponya kutchire, ana ena akanakula. Kulimba mtima kwakeko ndi kumene kunapha anthu ambiri. Ine kumutcha ngwazi pakamwa pakundilemera.

Nachisale: Mmm. Apa ndiye mwandigwira pakhosi.

Wakabaza wa pa Depoti: Koma Ajeremaniwo si amene anayamba? Hitler uja anapha Ayuda mamiliyoni. Ukaputa mavu usamalire kuti aluma ndi mwana yemwe.

Namwino wa Usiku: Hitler anali m'chipinda chapansi ku Pforzheim? Munali azimayi ndi makanda ndi nkhalamba, amuna anali kunkhondo.

Sajeni Wopuma: Ndilankhuleko, poti pagulu pano amene anavalapo yunifolomu mwina ndine ndekha. Mayi a Namwino, sindikutsutsani. Zimene mwanenazo ndi zoona ndipo msilikali amene amakana zimenezo ndi wabodza. Koma musakanize zinthu ziwiri. Amene anasankha kuti mzinda uwu uwotchedwe anali akuluakulu okhala muofesi, pamapu, ndi tiyi pambali. Kaputeni sasankha mzinda. Amauzidwa madzulo kuti lero ndi uku. Chinthu chimodzi chokha chimene Swales anasankha yekha, popanda womulamula, ndi chija cha kumapeto: nditsale ine, awa atuluke. Pamenepo panalibe jenerali. Ine ndikamuweruza ndimuweruza pa chimene chinali m'manja mwake.

Namwino wa Usiku: A Sajeni, ndi ulemu wonse, kuzungulira kachiwiri injini itafa anamulamula ndani? Si iye yekha?

Sajeni Wopuma: Iye yekha, inde. Koma taganizani mmene msilikali amaganizira. Kumbuyo kwake kuli ndege mazana, iliyonse anyamata asanu ndi awiri. Akachoka iye, mabomba amwazika, mawa akuluakulu anena kuti ntchito sinatheke, bwereraninso. Kubwereranso ndiye kuti ena mwa anyamata aja sabwerako. Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene ankauluka m'ndege za mabomba za Angerezi, oposa 55,000 anafa. Iye ankaona anzake pabedi lopanda munthu m'mawa uliwonse. Pansi sankaonapo nkhope, ankaona moto. Sindikuti n'zabwino. Ndikuti ndi mmene nkhondo imamuchitira munthu, imamuchepetsera dziko mpaka litsale la anzake okhaokha.

Namwino wa Usiku: Ndamva. Koma sindinasinthe maganizo. Kwa amayi a anyamata asanu ndi awiri aja ndi ngwazi. Kwa amayi a ku Pforzheim ndi dzina lina.

Sajeni Wopuma: Pamenepo sindikanganapo nanu.

Admini: Zikuyenda bwino, pitirizani choncho osatukwanana. Amene mukutumiza malonda a feteleza pakati pa nkhani ino ndikufufutani.

Mdzukulu wa Asikari: Ine nkhani ya mzunguyu yandikumbutsa agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, kwathu ku Chulu. Anapita ku nkhondo yomweyi ndi KAR (King's African Rifles), gulu la asilikali akuda la Angerezi, anakafika ku Burma. Ndinawapeza ali okalamba kale, koma ndikukumbuka zinthu ziwiri. Choyamba, ndege ikamadutsa, ngakhale kandege kakang'ono kopita ku paki, ankasiya chilichonse n'kukhala pansi pa nkhokwe mpaka phokoso litatha. Ife ana tinkaseka, mayi ankatimenya. Chachiwiri, mvula ikagwa masiku atatu osalekeza sankadya. Ankangoti fungo la matope likuwakumbutsa anzawo. Zambiri sankanena. Akamwa pang'ono ndi pamene ankatchula za misundu yoyamwa magazi imene inkalowa m'nsapato, ndi za mnzawo wina wa ku Dowa amene anamunyamula pamsana tsiku lonse osadziwa kuti wafa kale.

Mdzukulu wa Asikari: Anabwerako ndi jasi, nsapato, ndi timendulo tingapo m'chitini cha tiyi. Palibe msewu, palibe chikwangwani. Atakalamba amalume anayendera kangachepe kawo kumaofesi mpaka nsapato zinatha, ankangouzidwa kuti fayilo sikuoneka. Ndiye ndikamva kuti wina anapatsidwa msewu waukulu ku Durban, sindikumuchitira nsanje, koma mtima umandiwawa.

Nachisale: Pepani achemwali. Agogo anga nawonso ankavina mganda ngati ali pa pelete, chifuwa patsogolo, ndipo akalakwitsa wina sitepe ankakalipa ngati pali mlandu. Pano ndi pamene ndikumvetsa kumene anazitenga.

Ticha wa ku Santhe: Za matope ndi mvula zikugwirizana ndithu. Asilikali athu anali mu 11th East African Division imene inadutsa chigwa cha Kabaw mu 1944 nthawi ya mvula yamphamvu, kulowera kumtsinje wa Chindwin. Chigwa chimenecho chinali cha malungo ndi matenda ena, magalimoto ankatitimira, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Ndiye onani, kwa agogo anuwo ndege inali zonse ziwiri, ina yobweretsa chakudya, ina yobweretsa imfa.

Ticha wa ku Santhe: Ndipo pa nkhani ya mamendulo, mfundo yanu ndi yolemera. Pankhondo yonseyo Victoria Cross inapita kwa munthu mmodzi yekha wa KAR, Sajeni Nigel Leakey, mzungu wa ku Kenya, amene anafa akulimbana ndi akasinja a Ataliyana ku Abyssinia mu 1941. Msilikali wakuda wa KAR sanailandirepo. Kodi mwa anthu masauzande onse aja panalibe amene anachita zofanana? A Dalaiva, poti muli konko, funsani za Job Maseko.

Dalaivala wa Thiraki: Ameneyo ndiye sindinamumvepo. Anali ndani?

Ticha wa ku Santhe: Munthu wakuda wa ku South Africa konko. Iwo akuda sankaloledwa n'komwe kugwira mfuti, ankanyamula ovulala, kuphika, kuyendetsa magalimoto. Anagwidwa ukaidi ku Tobruk, ku Libya, mu 1942, Ajeremani n'kumamugwiritsa ntchito yotsitsa katundu padoko. Anatola chitini cha mkaka, anadzazamo wonga wochotsa m'zipolopolo, n'kukachibisa pakati pa migolo ya petulo m'sitima. Sitima inaphulika n'kumira. Mkaidi, wopanda mfuti, ndi chitini. Anamupatsa Military Medal, yotsika kwambiri poyerekeza ndi ija. Anafa mu 1952 atagundidwa ndi sitima yapamtunda, ali mmphawi.

Wakabaza wa pa Depoti: Chitini cha mkaka! Ameneyo akanakhala wa ku Kasungu ndithu, ife ndi amene timapanga magetsi ndi zotayidwa kkkk.

Bambo a Tadala: Wopusa anaimba ng'oma, wochenjera navina. Nkhondo ya eni, magazi athu, mamendulo awo. Chilembwe ananeneratu zimenezi mu 1914 pamene analemba kalata kunyuzipepala kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene sakuidziwa. Nthawi imeneyo ndi ya nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya padziko lonse, makolo athu akugwidwa kukakhala a tengatenga.

Mdzukulu wa Asikari: A Bambo a Tadala, mawu oti wopusa ndiye ayi, abwezeni. Agogo anga sanali opusa. Mfumu inauzidwa kuti ipereke anyamata, msonkho unali pakhosi, kwawo kunalibe ndalama. Mukanakhala inu mukanatani?

Bambo a Tadala: Pepani mayi, mwambi wandithawa m'kamwa. Sindimanena agogo, ndimanena mmene anatichitira. Ndabweza.

Wa ku Mtunthama: Ndingoponyapo kamodzi. Pamene agogo athu ankapita ku Burma ndipo Swales ankapita ku England, mwana wa ku Kasungu kuno anali kale ku England komweko. Kamuzu nthawi ya nkhondo anali dokotala ku Liverpool kenako ku North Shields. Mizinda ya madoko ngati imeneyo Ajeremani ankaiphulitsanso usiku. Ndiye za mabomba ogwera anthu wamba zinali mbali zonse, a Namwino.

Namwino wa Usiku: Mbali zonse, eya. Ndiye kuti ana opsa anali mbali zonse. Simunandichotsere kanthu, mwangowonjezera.

Wakabaza wa pa Depoti: Koma ndege n'zoopsa abale. Ine chichitikireni za ku Chikangawa chaka cha 2024 sindifuna n'kuiona komwe. Paja pamenepo

Admini: Ayi akulu, imani pomwepo. Imeneyo tinagwirizana kale kuti pagulu pano sitiikamba, tinatsala pang'ono kumwazikana nayo. Mizimu yawo iuse mumtendere. Bwererani ku nkhani.

Wakabaza wa pa Depoti: Ndamva bwana.

Sajeni Wopuma: Popeza mukufuna dzina lakwathu, ndikupatseni, ndipo si lakale. Private Chancy Chitete wa MDF. November 2018, kufupi ndi Beni ku DRC, asilikali athu ndi a ku Tanzania anali pa ntchito ya UN yothamangitsa zigawenga za ADF. Kunavuta kwambiri. Msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, anawomberedwa n'kugwa poyera, zipolopolo zikudutsa. Chitete anachoka pamene anabisala, anakamukoka mpaka pamalo otetezeka, ndipo akumumanga bala ndi pamene chipolopolo chinamupeza iyeyo. Omary anapulumuka. Chitete anafa, pamodzi ndi anzathu ena asanu. Mu May 2019 ku New York, mkulu wa UN António Guterres anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi yapamwamba kwambiri pa asilikali osungitsa mtendere. Diagne anali msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994 mpaka naye anaphedwa.

Sajeni Wopuma: Tsono ndikufunseni nonse amene muli pano. Ndi angati munkalidziwa dzina limeneli ndisanalembe?

Nachisale: Ndinamva pawayilesi nthawi imeneyo koma ndinaiwala, kunena zoona.

Makaniko wa ku Nkhamenya: Ine ayi. Manyazi andigwira.

Bambo a Tadala: Ndiye vuto si azungu okha eti.

Sajeni Wopuma: Ndi zimene ndimafuna mufike. Timadandaula kuti Angerezi sanalemekeze agogo athu, n'zoona. Koma uyu ndi wathu, wa dzulodzuloli, dziko lonse lapansi linamuimirira, ife eni tikudziwa maina a osewera mpira a ku England mpaka a pabenchi. Ku Zomba kuli chipilala cha KAR, mwezi uno wa November akuluakulu amakaikako nkhata, mawa lake basi zatha.

Namwino wa Usiku: Uyu ndiye ndimutcha ngwazi popanda kumeza malovu. Anafa akumanga bala.

Sajeni Wopuma: Koma mayi, mphindi zochepa izi zisanachitike, mfuti yake inali ikulira. Ankawombera kuti anzake apeze mpata wosuntha. Amene ankawomberedwawo nawonso ali ndi amayi awo.

Namwino wa Usiku: Ankawombera anthu onyamula mfuti, a Sajeni, osati ogona m'nyumba. Musandisokoneze dala. Ndikubwerera ku wodi, tiyi watha.

Dalaivala wa Thiraki: A Ticha, nanga uyu amene analowa m'malo pa chikwangwaniyu?

Ticha wa ku Santhe: Solomon Mahlangu anali mnyamata wa Umkhonto we Sizwe, gulu lankhondo la ANC. Boma la tsankho linamunyonga ku Pretoria pa 6 April 1979 ali ndi zaka 22. Ulamuliro utasintha, mzinda wa Durban unasintha maina a misewu yambiri, uwu n'kukhala umodzi. Anthu ena anakwiya, ankati Swales sanali wandale, analakwa chiyani. Ena ankati kwa zaka zonsezi misewu inali ya azungu okhaokha, yakwana nthawi. Inu mukuyenda pa msewu wa anyamata awiri, wina 29 wina 22.

Dalaivala wa Thiraki: Ndipo maenje ake ndi amodzi kkkk. Mzere wayamba kusuntha, ndikhala ndikuwerenga ndikaima.

Mdzukulu wa Asikari: Mwandichititsa kuti ndikavundukule sutikesi ya mayi. Chitini chija ndachipeza, chili ndi dzimbiri, chivindikiro ndachita kutsegula ndi mpeni. Muli timendulo tinayi. Tiwiri ndi tozungulira, pali mutu wa mzungu woyang'ana kumbali. Tiwiri ndi ta nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Nsalu zake njenjete zinadya, yatsala imodzi yokha, pakati pofiira, m'mbali mwakuda ngati buluu ndi timizere ta olenji. Mulinso batani la jasi ndi kakhobiri koboola pakati.

Ticha wa ku Santhe: Mutu umenewo ndi wa Mfumu George VI. Ya nsalu yofiira pakatiyo ndi Burma Star, mukaipukuta pang'ono muona mawuwo mozungulira. Musaikweche ndi mchenga kapena phulusa chonde, kansalu kofewa basi. Tatembenuzani kumbuyo, palembedwa chiyani?

Mdzukulu wa Asikari: Palibe chilichonse. Pali see.

Ticha wa ku Santhe: Ndimayembekeza zimenezo. Nyenyezi zimenezi Angerezi ankazipereka zopanda maina, ngakhale kwa asilikali a kwawo. Victoria Cross ndiye imalembedwa kumbuyo dzina la munthu, gulu lake, ndi tsiku limene anachita chinthucho.

Sajeni Wopuma: Chimene chingakuthandizeni ndi nambala yawo ya usilikali. Msilikali amaiwala tsiku lobadwa koma nambala saiwala, ndipo amakonda kuilemba penapake. Yang'anani m'kati mwa Baibulo lawo kapena pachikuto cha buku la nyimbo.

Mdzukulu wa Asikari: Baibulo lawo lili ndi azakhali ku Chulu. Ndiwaimbira mawa, lero netiweki kumeneko ndi yokwera pachulu. Vuto lina ndi loti dzina limene analembetsa ku usilikali si limene tinkawaitana nalo pakhomo, mayi ankati anatenga la amalume awo kuti aoneke wamkulu. Azakhali okha ndi amene angalikumbuke, ndipo nawonso makutu anayamba kuvuta. Ndipita ndekha Loweruka ndi kope.

Wakabaza wa pa Depoti: Mukatsika basi mundiimbire achemwali, ndikakusiyani pa siteji ya ku Chulu. Ya petulo yokha.